Mafizo a Apongozi Anga

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndiyambe ndi mboni zanga, poti ena mumati ndimakokomeza. Mayi a kunyumba ndi awo, a Kayange a kwaya ndi awo, ndipo yachitatu ndi bondo langa lamanzereli.

Ine ndinali goloboyi mu ligi yaikulu. Ndikakuwa pagolo, osewera a timu inayo nawonso ankandimvera. Tsiku lina ndinatera molakwika, bondo linalira mpaka woyimbira anaimitsa mpira poyesa ndi bingu. Musaseke a Kayange, ndili m'nyumba ya Mulungu. Mpira wanga unathera pomwepo. Amene anandiyendetsanso ndi anthu a mafizo, aja ophunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito. Ndiye ndinabwerera kusukulu, ndi ndevu zanga, kukaphunzira ntchito yomweyo.

Chaka chatha apongozi anga aakazi ku Kaseye anagwidwa ndi sitiroko. Mwendo ndi mkono zakumanja zinangoti zii. Tinawatengera kwathu kuno ku Boma. Abale, munthu wotere akangogona osatakasa ziwalo zimauma, sadzayendanso. Ine ndinkadziwa. Ntchito yake ndi yangayi, manja ndi awa.

Koma mkamwini amagwira mwendo wa apongozi? Amayi, ndiyankheni. Nditangosuzumira pakhomo, apongozi anadzifunditsa chitenje kumutu n'kunena kuti, "Yayi, a mkweni! Kuli bwino ndife chogona."

Ndinalira, abale. Anthu achilendo ndikuwayendetsa, wondiberekera mkazi akuuma m'nyumba mwanga. Ndinapemphera, ndipo Mulungu anandikumbutsa kuti goloboyi amayendetsa timu yonse ali chiimire, ndi pakamwa pokha.

Ndinaika mpando pakhonde, msana kuchitseko. Manja anali a mayi a kunyumba, mawu anga. "Pindani bondo! Wongolani! Kawirinso!" M'mawa, madzulo, dzinja lonse. Anthu a kumsika anayamba kupinda maondo osadziwa chifukwa chake. Wanjinga wina anabwera kudzathokoza kuti msana wake wapola.

M'mawa wina ndikukuwa choncho, "Kwezani phazi!", m'nyumbamo munali chete. Ndinakuwanso. Kenako ndinamva ndodo kumbuyo kwanga, go, go, go.

"A mkweni," anatero apongozi, "mukukalipira ndani? Wodwala wanu ali pano."

Sindinatembenuke, mwambo ndi mwambo. Ndinangoona chithunzithunzi chawo pansi, chitaima chokha. Misozi inatsika.

"Ndatuluka kudzakuuzani kuti muchepetse mawu," anapitiriza. "Nkhuku zasiya kuikira. Yewo chomene, mwana wanga."

Lero ali m'kachisi muno, abwera ndi miyendo yawo. Akuti akhala kumbuyoko. Ine sindingakulozereni, inu muwayang'ane m'malo mwanga. Ndikuthokoza Yehova. Imani nonse pa miyendo yanu iwiri, amayi nthungululu, tikondwere limodzi. Aleluya!