Ndinakana Osewera Obwereka, Ananditcha Mbala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse amene mukuwerenga. Ine ndine mphunzitsi wa mpira wa basiketibolo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinachotsedwera ntchito n'kusemeredwa mlandu wakuba chifukwa chokana chinyengo. Ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umawirabe, koma Mulungu sanandisiye.

Ndinabadwira kukomboni pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Bambo anali mlonda wa kufakitale, mayi ankathyola tiyi. Mpirawu ndinaudziwira ku sekondale, komwe mphunzitsi wina ataona kutalika kwanga anandikokera pabwalo osandifunsa n'komwe. Ndinasewera mpaka bondo linandivuta, kenako ndinakaphunzira uphunzitsi wa masewera. Matipate atabwera, sukulu za anthu wamba zinamera ponseponse, ndipo koleji ina yophunzitsa zamaakaunti inatsegulidwa kufupi ndi kuboma. Mwini wake anandilemba ntchito kuti ndiyambitse timu ya anyamata.

Pamalopo ndinapeza thengo. Bwalo tinasalaza tokha ndi makasu, zitsulo zoponyeramo mpira anatiwotcherera mmisiri wina wa kufakitale. Anyamata anga ambiri anali ana a anthu othyola tiyi ndi a alimi a nthochi a kwa Changata, ndipo ena ankabwerekana nsapato masewera ali mkati. Poyamba matimu a m'tauni ankatiseka. Koma patapita zaka tinafika mufainolo ya mpikisano wa makoleji.

Sabata ya fainoloyo, mwini koleji anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapezamo anyamata atatu ataliatali ochokera ku Blantyre, osewera m'matimu akuluakulu, amene sanapondepo m'kalasi mwathu. Anati ndiwalowetse mutimu, ziphaso zasukulu wawakonzera kale. Chikho ankachifuna kuti makolo azithamangira kudzalembetsa ana awo. Ndinafunsa kuti nanga ana amene akhala akusupuka mawondo pabwalo lija ndikawauza chiyani.

"A Kochi, ana a kukomboniwa adzakupatsani chiyani?" anatero. "Akhale pabenchi aziwomba m'manja."

Analankhula mawu amenewo akudziwa bwino kuti nanenso ndine wa kukomboni. Ndinamuuza kuti bola tigonje ndi ana athu kusiyana n'kunyamula chikho chabodza, ndipo ndinatuluka.

M'mawa mwake anasonkhanitsa aphunzitsi onse n'kulengeza kuti mipira ndi majezi atsopano zasowa m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo makiyi ake ankakhala ndi ine. Anthu amene ndinkamwa nawo tiyi tsiku ndi tsiku anangoweramitsa mitu. Majezi amene ankati ndabawo ndi omwe anavala anyamata obwereka aja tsiku la fainolo, dzuwa likuswa mtengo, ndipo chikho anatengadi.

Anandichotsa ntchito n'kutitulutsa m'nyumba ya koleji mvula ili pakati, akazi anga amake Tadala ali ndi pakati potopa. Tinakweza katundu pathirakitala ya munthu wachifundo n'kukatsikira kwa apongozi ku Masambanjati. Chinandipweteka koposa si njala ayi, koma za kutchalitchi. Akulu ampingo anandiimitsa kuwerenga Mawu pa Sabata popanda kundiitana kuti amve mbali yanga. Mwini koleji uja ndi amene anagulira tchalitchicho malata, ndiye mawu ake analemera kuposa moyo wanga wonse umene anauona ndi maso awo kuyambira ndili mwana.

Ndinayenda m'sukulu zambiri kufuna ntchito, koma kulikonse mbiri inkafika ine ndisanafike. Mapeto ake ndinakalembetsa ganyu yothyola tiyi, ntchito imene mayi anga anaivutikira kuti ine ndisadzaigwire. Tiyi sathyola munthu wamtali ngati ine. Pofika masana msana unkachita ngati wathyoka, bondo lija litatupa, dengu lisanadzaze n'theka lomwe. Kapitawo wathu ankandikuwira anthu akumva kuti a Kochi aponye m'dengu asaphonye, anthu n'kumaseka. Ena mwa osekawo anali makolo a ana omwe ndinawaikira kumbuyo.

Ndisakunamizeni, mapemphero anga masiku amenewo sanali aulemu. Ndinkayenda pakati pa mizere ya tiyi ndikukalipira Mulungu. Ndinkamufunsa kuti chilungamo chake chili kuti, pamene wabodza akujambulitsa ndi chikho, ine wokana bodza ndikulumidwa ndi udzudzu m'munda wa eni. Tsiku lina ndinauza amake Tadala kuti ndasiya kupemphera chifukwa ndikungochimwa. Iwo anati Mulungu saopa kukalipiridwa ndi mwana wake, chomwe safuna n'choti mwanayo asiye kumulankhula. Ndinapitiriza, mokwiya momwemo.

Yankho linabwera kudzera mwa munthu amene sindikanamuganizira. Masana ena tili pamzere wa sikelo, ndinaona mayi wina atavala nsapato zamasewera akufunsa kapitawo za ine. Anali Mayi Mhango, ochokera kumpoto, mphunzitsi wa timu ya koleji ya mishoni imene inagonja mufainolo ija. Mayi amenewa tinakanganapo koopsa pa nkhani ya woyimbira masewero, moti tinkadutsana osapatsana moni. Ndinafuna kubisala kuseri kwa dengu, koma munthu wamtali alibe pobisala.

Anandiuza kuti anyamata obwereka aja anawazindikira tsiku lomwelo, popeza anawaonapo akusewera ku Blantyre. Anakadandaula kwa oyendetsa mpikisano, nkhani inakokakoka miyezi, mpaka anyamata anga anayimirira n'kunena zonse, ngakhale anaopsezedwa kuti achotsedwa sukulu. Ananenanso za majezi. Chikho chinalandidwa. Tsopano mayiwa anali atakwezedwa kukhala mkulu woona za ophunzira, ndipo timu ya anyamata ya kumishoniko inalibe mphunzitsi.

"Sindinabwere chifukwa chokukondani ayi, Bambo," anatero. "Mumalongolola kwambiri pabwalo. Koma ndikufuna munthu amene angakane bwana wake chifukwa cha ana."

Ndinalira pamaso pa kapitawo ndi anthu onse aja, dengu lili kumsana, ndipo sindinachite manyazi.

Ndinayamba ntchito temu yotsatira. A mishoni ananditumiza kukawonjezera maphunziro a ukochi, mwana wathu wachiwiri anakulira m'nyumba yosadontha, ndipo anyamata anga awiri akale anandilondola kudzamalizira maphunziro awo kumeneko. Mmodzi mwa iwo lero akuphunzitsa timu ya atsikana kwawo ku Nchilamwela.

Musaganize kuti zonse zinawongoka. Mwini koleji uja sanapepese mpaka lero, ndipo tikakumana kuboma amayang'ana kumbali ngati wolakwa ndine. Akulu ampingo anangonditumira uthenga kuti ndikhoza kuyambiranso kuwerenga Mawu, ngati kuti ndinali kutchuthi. Kukhululuka ndikuphunzirabe, ndipo masiku ena kumandikanika. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, ndikuthokoza amake Tadala amene sanandilole kutseka pakamwa pamaso pa Mulunguyo, ndiponso Mayi Mhango, amene timakanganabe za oyimbira mpaka pano.

Inu amene mwataya ntchito chifukwa chokana kusayina bodza, kapena mukuyenda ndi dzina loipa limene simunalipalamule, limbani mtima. Pempherani ngakhale mawu akutuluka owawa. Mulungu ali ndi anthu ake ngakhale kutimu imene mukulimbana nayo. Ndipo inu amene muli pamipando, kaya kuntchito kaya kumpingo, mukamva kuti uje waba, dzukani mupite mukamufunse maso ndi maso. Ine ndinadikira munthu mmodzi yekha woti andifunse, ndipo mwa anthu a kwathu sanapezeke. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.