Masokosi Aubweya Pachilumba cha Tioman

Mchimwene wanga Tihomir ndi munthu woti ukamuuza kuti adikire pamtengo, umupeza pomwepo ngakhale mtengowo utagwa. Popita ndi chibwenzi chake Rumyana kukayenda wapansi pachilumba cha Tioman, zikwama kumsana, anatenga mphete yoti akamufunsire ukwati pagombe la kuseri kwa phiri. Amayi, poopa akuba, anaisokerera mkati mwa sokosi laubweya lomwe anamulukira okha. Ubweya, abale, kudziko kumene ngakhale buluzi amathawira pamthunzi! Koma amayi akwathu ku Gabrovo, tauni yathu yotchuka ndi kuumira, sungawauze kanthu.

Ali pakati pa chitunda m'nkhalango, thukuta lili kamukamu, Tihomir anatula chikwama n'kuyamba kupisamo.

"Rumi, masokosi aja ali kuti?"

"Ati?"

"Aubweya. Otuwa, a mizere yofiira."

"Oo, mabulangete a amayi ako aja? Ndawasiya kuja tinagona, m'bokosi momwe alendo amaponyamo zowalemera."

Tihomir anangoti khuu pansi.

"Wawasiya."

"Nanga si tinagwirizana kuti chosafunika chitsale? Iwe wemwe unadula chogwirira cha mswachi wanga kuti chikwama chipepuke."

"Mswachi n'zina. Tiye tibwerere."

"Aa! Tibwerere? Chitunda chonsechi? Tikadutsenso pa apusi aja andilanda nthochi aja?"

"Nthochi zatha, pano sativutitsa."

"Tisho, tayang'ana malaya akowo, ungawafinye n'kudzaza ndowa. Masokosi aubweya ukufuna atani?"

"Ndikuwafuna basi."

"Ukumva kuzizira?"

"Ayi, ndikumva kutentha kwambiri."

"Nanga?"

"Ndikuwafuna pagombe."

Rumyana anagwira m'chiuno. "Pagombe! Anzako akusambira, iwe uli pamchenga ndi kabudula ndi masokosi ofika m'maondo. Ine ndiziti sindikukudziwa, ndabwera ndekha."

"Sindivala. Ndingowagwira."

"Ungowagwira! Muli chiyani m'masokosimo, golide?"

Apa mchimwene wanga anavutika. Bodza saliyankhula, chibadwire. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana nyerere.

"Funso limenelo sindiyankha."

"Iii, tafika kukhoti tsopano!" Rumyana anakweza chikwama n'kuyamba kukwera, mwendo wakumanja akuukoka.

"Ukutsimphina, Rumi."

"Sindikutsimphina. Ndi kayendedwe kanga."

"Dzulo sumayenda choncho."

"Lero ndasintha. Tamvera, ine ndikupita kugombe, ndipo sindiima mpaka mapazi anga alowe m'madzi. Sankha pompano: ine kapena masokosi."

Tihomir anaganiza. Anaganizadi, chitsiru cha mchimwene wanga, kuwerengera mmene zinthu ziyenera kutsatanira.

"Ndiyambe masokosi. Iwe pambuyo pake."

"Eti!"

"Zimayenera kutero. Popanda masokosi, za iwe sizitheka."

"Mayo ine! Bambo anandichenjeza, anati mwamuna wa ku Gabrovo akataya batani amaika maliro. Ine n'kumati ayi, Tisho wanga ndi wina."

"Batani sindinalilirepo."

"Khala chete! Zaka zonsezi ndakutsata. Ndagona m'mahema odontha, ndadya mpunga wozizira, ndalumidwa ndi udzudzu wa mayiko angapo. Azakhali anga atopa n'kufunsa kuti ukwati uli liti. Iwe pakamwa pako tsekee. Lero watsegula, ndiye n'kunena za masokosi!"

Tihomir zinamupweteka kwambiri. Koma anali atalumbira mumtima kuti ndi pagombe, ndipo kwa iye pagombe ndi pagombe.

"Undidikire pano, ndithamanga," anatero, n'kutembenuka kuyamba kutsika.

"Pita! Ukawakwatire omwewo!"

Rumyana anaponda mwamphamvu kuti aonetse mkwiyo. Anangoti "Mayooo!" n'kukhala pamuzu, atagwira phazi. Tihomir anabwerera liwiro, n'kugwada, n'kuyamba kumasula zingwe za jombo.

"Usakhudze!"

"Wavulala."

"Ndati usakhudze, ndi phazi langa!"

Tihomir anapinda mwendo wa thalauza la Rumyana. Mizere yofiira ija mbee!

Ngakhale mbalame zinaoneka ngati zayamba kumvetsera.

"Rumi, awa ndi masokosi anga."

"Akufanana chabe."

"Iwe unati wawasiya m'bokosi."

"Ndinawasiyadi." Anayang'ana kumbali. "Kenako ndinawatolanso. Bokosi lija n'la aliyense."

"Chifukwa?"

"Anga opyapyala aja ananditupitsa matuza dzulo. Ndiye ndikanakuuza bwanji, nditawaseka kuyambira tili pabwalo la ndege? Koma usanyade, amayi ako kuluka sadziwa. Pali mfundo apa pambali pa chidendene, yolimba ngati mwala. Yandiboola kuyambira m'mawa."

"Si mfundo."

"Ukuwaikiranso kumbuyo!"

Tihomir anavula sokosi lija pang'onopang'ono, anatulutsa kampeni, n'kudula ulusi wa amayi. Mphete inagwera m'dzanja lake, yonyowa ndi thukuta.

Rumyana anaiyang'ana, n'kuyang'ana chidendene chake pomwe inadinda kabwalo kofiira, n'kuyang'ananso mwamuna wogwada uja. Misozi inalengeza.

"Tisho... Ndiye ndakhala ndikuponda...?"

"Chitunda chonsechi."

"Ndiye bwanji osanena, chitsiru iwe?" Anaseka uku akulira, n'kutambasula dzanja. "Chabwino. Wagwada kale. Funsa."

Tihomir anapukuta mphete pamalaya, n'kuiika m'thumba, n'kumanga batani.

"Pano ayi. Pagombe."

"Ukuti chiyani?"

"Ndinakonza kuti ndi pagombe. Komanso iwe wanena wekha kuti suima mpaka mapazi alowe m'madzi."

"Ndinanena ndili wokwiya!"

"Koma unanena."

"Tihomir, ndakudikira zaka zonsezi, phazi likutuluka magazi, ndipo ukuti pagombe?"

"Si patali. Tikwere pang'ono, kenako n'kutsetsereka."

Rumyana anavalanso sokosi lobooka lija, anamangirira jombo kuchikwama chake, n'kukoleka chikwamacho pachifuwa pa Tihomir. Cha Tihomir anachibereka yekha.

"Chabwino, bambo. Funso lili kugombe, yankho nalo likapezeka komweko. Koma mwini yankho sangayende." Anamumenya paphewa. "Werama, undibereke."