Mayi Aikande Shirima, amene sanadzutsidwe

A Dokotala Lyimo, inu mwakhala kutsogoloko ndi nkhata ya maluwa, miyendo ya amayi athu munaipha ndinu. Akuluampingo andinong'oneza kuti pamaliro sitiloza munthu chala. Ndamva, koma mbiriyi ndiwerenga yonse.

Malemu Mayi Aikande Shirima anabadwa pa 9 Meyi 1971 ku Marangu. Sukulu analekezera sitandade 7. Mu 1992 anakwatiwa ndi Bambo Elisante Shirima, ndipo ife anatilera ndi nthochi, khofi ndi mkaka wa ng'ombe ziwiri zodyera m'khola.

Mu 2021 anaterereka atasenza udzu wa ng'ombezo, msana n'kuyamba kuvuta. Mu Febuluwale chaka chino anapita ku Dar es Salaam kukachitidwa opaleshoni. Madokotala anawafotokozera kuti adzawagoneka ndi mankhwala osachedwa kutha mphamvu, ndipo adzawamata timawaya m'miyendo kuti makina azionetsa ngati mitsempha ikugwirabe ntchito. Makinawo akakayikitsa, adzawadzutsa pang'ono kuti agwedeze zala zakuphazi. Malemu anayeserera sabata yathunthu pabedi, akuseka, n'kumati, "Bambo a Ndeshi, taonani, nkhalamba yanu ikuvina ndi zala."

Opaleshoni ili mkati, ogonetsa odwala anawonjezera mankhwala, mizere ya pamakina n'kuzimiririka. Anatiuza okha kuti zimenezi zimachitika, mankhwala akachepa mphamvu mizere imabwerera. Anadikira. Mankhwala anachepa, mizere osabwerera. A Lyimo anati mwina kawaya kachoka, ndipo anapitiriza kumanga zitsulo zolimbitsa msanawo. Chitsulo china chinali chitapanikiza mtsempha waukulu wa msana.

Malemu anatsitsimuka miyendo itafa kale. Mawu awo oyamba anali akuti, "Mwandidzutsa? Ndigwedeze tsopano?" Mpaka lero bambo athu akawakumbukira mawuwa amasiya kudya.

Zilonda zobwera chifukwa chogona nthawi yaitali zinawalowetsa matenda m'magazi, ndipo anatisiya pa 3 Juni ali ndi zaka 54. Asiya amuna awo, ana atatu, omwe ndi achemwali anga a Ndeshi, ine Amani ndi Upendo, komanso adzukulu awiri. Tikuthokoza amayi a kwaya amene ankabwera kudzawatembenuza, ndi aneba amene akhala akutimwetera udzu wa ng'ombe. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Koma dothi lisanathiridwe, a Lyimo, taimirirani. Amayi athu anachita zonse zimene munawauza. Mankhwalawo munawasankha dala kuti athe kudzuka. Auzeni bambo athu pamaso pa anthu onsewa: munalekeranji kuwadzutsa?