Mzere Umodzi wa Nyimbo ya Amayi

Moni nonse owerenga. Ine sindidziwa kuzungulira: amayi anga adadwala sitiroko n'kusiya kuyankhula, ndipo ndidakwiyira Mulungu.

Sukulu ndidalekezera Fomu 3. Anzanga ali ku Lilongwe, ine ndili kuno ku Chipoka ndi laputopu yakale, kukonzera anyamata tinyimbo tawo topanda mutu. Amayi ndiwo ankatsogolera kwaya ya azimayi kutchalitchi kwathu. Atatuluka m'chipatala, pakamwa pawo pankangotuluka "a, a" basi. Anzawo a m'kwaya ankabwera, kuwaimbira nyimbo yonse mpaka kumapeto, n'kumapita. Amayi ankangoyang'ana kukhoma. Kupemphera kwaulemu ndidasiya. Ndinkangoti, "Ambuye, munthu wakuimbirani moyo wake wonse, inu mwamutseka pakamwa. Bwezani mawuwo."

Tsiku lina masana ndinkakonza nyimbo ya kwayayo, imene ndidajambula amayi asanadwale. Pamzere wina padalowerera phokoso la injini ya boti, ndipo ndinkafuna kumva bwino pamene layambira. Pulogalamu yokonzera nyimbo ili ndi lupu: umasankha kachigawo, ndipo kamangobwerezabwereza osaima. Ndidasankha pamene amayi amaimba okha kuti, "Ndafika, nditsegulireni."

Mzerewo ukulira, adalowa Abiti Saidi, aneba athu achisilamu ogulitsa usipa, kudzazonda wodwala. Ndidatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Iwe, siya!" adatero. "Uli ndi maso? Taona milomo ya mayi ako. Ana kumadarasa amagwira mawu chonchi, pomwepo pomwepo mpaka alowe. Anzakewo amamuthamangitsa ndi nyimbo yathunthu ngati akupita kumsika."

Ndidayang'ana. Milomo inkagwedera. Mzere udabwera, udabweranso, udabweranso. Kenako amayi adatulutsa "ndafika", mawu osasa koma omveka. Abiti Saidi adakuwa, "Alihamudulila!" Ine ndidangokhala pansi.

Musaganize kuti adachira tsiku lomwelo. Ayi. Kuyambira pamenepo ndimadula nyimbo zawo mzere ndi mzere, ndimachepetsa liwiro, n'kuika lupu. Masiku ena palibe chotuluka, ndipo ndimafuna kuponya laputopuyo m'nyanja. Sindiponya. Mawa lake timayambiranso. Kuchipatala atamva adati tipitirize.

Dzulo ndidakweza sipika mopitirira. Amayi adandiyang'ana ndi diso lawo lakale n'kunena, osaimba, "Tsitsa, iwe!" Sindidasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati dzulo.

Ndikuthokoza Mulungu, amene adamva pemphero lamwano la munthu ngati ine. Ndikuthokozanso Abiti Saidi. Inu amene muli ndi wodwala pakhomo ndipo mwatopa, sindikunamizani kuti n'zophweka. Koma musazimitse. Bwerezani.