Ufa Wowala pa Manja a Mayi Felesiya

Ine, Asiyatu Khalidi, wa zaka 47, wa m'mudzi mwa Chimbalanga pa Nathenje, wogulitsa penti ndi zipangizo zomangira nyumba, ndikunena izi:

M'sitolo mwanga ndimagulitsanso ufa wotchedwa zinki salufaidi. Ndi wachikasu motuwa ndipo susungunuka m'madzi. Ukauika padzuwa n'kuulowetsa mumdima umawala mobiriwira, kenako kuwalako kumazirala pang'onopang'ono. Olemba zikwangwani amausakaniza ndi vanishi pojambula mivi yolozera khomo m'mafakitale, kuti magetsi akazima antchito aone potulukira. Ndaugulitsa kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kunabwera bambo wovala jekete lofiira. Anati dzina lawo ndi a Lovemore. Anagula kabotolo kamodzi ka ufawo, koma vanishi kapena burashi ayi. Ndinawachenjeza kuti asauyandikize ku asidi wa batire, chifukwa umatulutsa mpweya woopsa wonunkha ngati mazira owola. Anati ndibwereze zimenezo. Ndinabwereza.

Loweruka pa 15 Malichi ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kukasiya zitini zinayi za penti ku esiteti ina ya fodya, makilomita asanu kuchokera pa Mitundu. Ndinafika 2 koloko masana. Ndinapeza anthu pafupifupi 60 atasonkhana pa balani lakale loumitsiramo fodya, la njerwa, lopanda mawindo. Mayi wina anandiuza kuti mwana wa a Noah, kapitawo wa pa esitetipo, anamwalira sabata yapitayo, ndiye aitana sing'anga kuti apeze mfiti. Sing'angayo anali a Lovemore aja.

Amayi asanu anali atakhala pansi padzuwa. Ine ndinaima pa mtunda wa mamita anayi. A Lovemore anadzoza manja amayi anayi ndi mafuta a m'kachitini koyera. Atafika pa wachisanu anatulutsa kachitini kena m'thumba la jekete n'kumudzoza mafuta a mmenemo. Mayi wachisanuyo ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi a Felesiya Limbani, tenanti wamasiye wochokera ku Mulanje.

Patapita mphindi khumi anawalowetsa onse m'balani n'kutseka chitseko. Inenso ndinalowa. Manja a mayi Felesiya okha ndi amene anawala. Titatuluka, a Lovemore anapala mafuta aja m'manja mwa mayiwo n'kuika m'mbale, n'kuthirapo madzi a m'botolo. Fungo la mazira owola linatuluka. Iwo anakuwa kuti, "Mwalimva fungo la kumanda?"

Amuna ena anatola miyala. Mwala umodzi unamenya mayi Felesiya pamphumi, magazi anatuluka. Woponyayo sindinamuone.

Ndinapita kukaima patsogolo pa mayiwo. Ndinati, "A Lovemore, ufa umenewu munagula kwa ine Lachiwiri." Iwo anati sandidziwa. A Noah anati, "Mayi, inu ndi mlendo pano. Chokani, izi sizikukukhudzani." Ndinayankha kuti, "Ufa ndi wa m'sitolo mwanga, ndiye zikundikhudza. Woponya mwala wina ayambe ine."

Jekete la a Lovemore linali pampando, pomwe analisiya atavula. Ndinatulutsamo kachitini kachiwiri kaja anthu onse akuona. Ndinadzoza manja anga, ndinadzozanso njerwa imodzi n'kuiika padzuwa. Ndinapempha a Noah kuti atambasule dzanja. Anakana kawiri, kachitatu analola, ndipo ndinawadzoza. Titadikira mphindi khumi tinalowa m'balani ndi anthu ena khumi. Manja anga anawala, dzanja la a Noah linawala, njerwanso inawala. Ndinati, "Ngati kuwala ndi ufiti, mfiti zilipo zitatu muno: ine, kapitawo ndi njerwa iyi."

Potuluka tinapeza a Lovemore atathawa kudzera m'munda wa fodya. Anasiya jekete ndi botolo. Ndinadontheza madzi a m'botolomo pa phulusa, ndipo anachita thovu ngati momwe asidi wa batire amachitira.

Ndinakweza mayi Felesiya pa njinga ija mpaka kuchipatala, kumene anawasoka pamphumi. Kuchokera tsiku limenelo akukhala kunyumba kwanga.

Lolemba pa 17 Malichi, nthawi ya 11 koloko, amuna awiri osawadziwa anabwera kusitolo. Mmodzi ndi wamtali, wa chipsera pakhosi. Iyeyo anati, "Mukapita ku polisi, penti amayaka bwino." Ndinamuuza kuti, "Imani pomwepo ndikuoneni bwino, ndikanene zolondola." Anachoka molunjika ku siteji ya minibasi.

Amuna anga a Fadili anati nkhaniyi ndiisiye, ndiponso ndileke kugulitsa ufawo. Ndinakana zonse ziwiri. Ndinawauza kuti ufa sunaponye mwala.

Lero ndapereka kwa apolisi jekete, kachitini, botolo, njerwa ndi kalata ya kuchipatala. Ndafunsidwa ngati ndingabwereze mawu awa kukhoti a Lovemore ali pomwepo. Ndibwereza, ndipo ndipempha kuti atseke makatani ndionetse.

Mayi Felesiya ali ndi fodya wosathyola ku esiteti. Anena kuti Lachinayi abwerera kumunda wawo, ngakhale ena akuti asapondekonso. Ndikawaperekeza ndine. Tikafika 7 koloko m'mawa, ndipo tikalowera pa geti lalikulu.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Apolisi andiwerengera zomwe alemba, ndipo palibe mawu amene ndikuchotsapo.

Wosaina: Asiyatu Khalidi ____________________
18 Malichi 2025