Kuperekeza Magazi ku Lilongwe

Anandiuza ndi Mackson Luhanga, kondakitala, amene anazimva pa siteji ya Njakwa ayufi akuona makadi a chipani. Mkulu wina ankacheza ndi mayi wina, mphunzitsi wa ku Hewe.

"Amama, wotchi yanu ikulira chomene."

"Ndi mtima, bambo. Anandiika kachitsulo mumtimamu ku Joni, ndiko kakulirako. Ndikukayezetsa magazi ku Lilongwe."

"Kutali konseko?"

"Ndimamwa mankhwala oti magazi asaundane. Mankhwalawo akapitirira muyezo, kabala kakang'ono kangandiphe."

"Nanga kuno sayeza?"

"Amatumiza m'botolo, yankho n'kubwera mochedwa. Bola kuwaperekeza ndekha ali m'thupi momwemu."

"Mvula ikadula msewu wa ku Hewe?"

"Ndimaleka kugwira mpeni mpaka msewu uume."

Koma zoti mayi wa ana angathe dzinja lonse osagwira mpeni, ine ndikukayika.