Ndinayesa Kunenerera Opaleshoni

Inu a pa wailesi, pamsika wa salaula, zovala za kaunjika, kuno ku Kafue palibe ondiposa pa kunenerera mtengo. Wogulitsa akakana kutsitsa, ndimatembenuka n'kumapita, ndipo amandiitana yekha.

Fakitale ya feteleza itatichotsa ntchito, ndinayamba kuona magazi ndikapita kuchimbudzi. Ndinabisa mpaka mkazi wanga anandikokera kuchipatala ku Lusaka.

"Bambo, ndi khansa ya kumapeto kwa matumbo," anatero adokotala. "Mitsempha yanu ya magazi inayenda mosiyana ndi ya anthu ambiri, ndiye opaleshoni idzavuta. Tichite tsopano, koma mudzavala kathumba ka chimbudzi pamimba miyezi ingapo."

"Ba dokota, chotsanipo kathumbako tigwirizane."

"Si jekete iyi, bambo."

Ndinanyamuka. Pakhomo ndinayenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Iwo anangoitana wodwala wina.

Manyazi obwerera anandisunga kunyumba mpaka mvula inatha, chotupa chikukula. Nditabwerera, adokotala anandichita opaleshoni n'kundipulumutsa ndithu, koma kathumba ka miyezi kaja tsopano n'ka moyo wonse. Mkazi wanga amandithandiza kukasintha osandidzudzula, ndipo zimenezo ndizo zimandiwawa.

Pamsika amanditchabe katswiri. Nanga inu omvera, pa malonda amenewa anapambana ndani?